Kodi Kuyetsemula kwa Ndani Kumamveka?

Kumpoto kwa ife kuno ku Mkaika, m'nkhalango ya South Luangwa, muli mimbulu, agalu a m'thengo aja a mawanga-mawanga ndi makutu akulu. Inu a Biology mwina munaimva m'kalasi. Kawiri-kawiri yaikazi imodzi yokha ndiyo imabala m'gulu lonse, koma ana amaleredwa ndi onse. Yocokera kosaka imasanza nyama kuti ana adye, pamodzi ndi yomwe inatsala kulonda kuuna, ngakhalenso yopweteka.

Mu 2017 akatswiri anafalitsa zimene anaona ku Botswana. Mimbulu isanapite kosaka imasonkhana ndi kuyamba kuyetsemula, ndipo kuyetsemulako kukaculuka gulu limanyamuka. Kuponya voti kwenikweni! Koma imvani ici: mtsogoleri akayambitsa msonkhanowo, kuyetsemula katatu kumakwanira. Akayambitsa mmbulu wamba, pafunika kuyetsemula pafupi-fupi ka 10.

Nditawerenga izi ndinaseka, kenaka manyazi anandigwira. Caka catha, m'gulu lathu la acinyamata, tinali kufuna njira yopezera ndalama za yunifomu ya kwaya. Mtsikana wina wa Giredi 8, wosalankhula-lankhula, anati tikaphike zitumbuwa ndi thobwa, tikagulitse pa Kulamba mu August, pamene anthu a ku Malawi ndi Mozambique amadzaza mudzi wa Kalonga Gawa Undi. Palibe anamuyankha. Patapita kanthawi, wapampando ananena zomwezo, tonse m'manja phu phu phu. Inenso ndinaomba, cikhalireco ndinali nditamumva bwino-bwino mtsikanayo.

Wina adzati, ndico cilengedwe, ngakhale nyama zimamvera akulu. Sindikana. Gulu lopanda woyamba kuyenda lingagone ndi njala, ndipo pa Cicewa cathu mau a akulu sitiwapeputsa. Koma mmbulu susankha kumvera mtsogoleri, monganso susankha kudyetsa unzake wothyoka mwendo. Sitingautame, sitingauimbe mlandu. Ine ndinali ndi mpata wonena kuti, "Anzanga, nzeru iyi anayamba ndi mlongo wathuyu," koma ndinakhala cete, poopa kuoneka wotsutsa wapampando. Nanga bwanji timathamangira kutengera nyama pa kumvera amphamvu, koma pa kugawana cakudya timati ife sindife nyama?

Zitumbuwa zinagulidwa zonse, yunifomu tinasoketsa. Mtsikana uja analeka kubwera ku misonkhano mu October, ndipo mpaka lero sindinapite kwao kukamufunsa cifukwa cake.