Za Mfundo ya pa Mbedza

Pa Mateyu 17:27 tiwerenga kuti Ambuye anatuma Petro kunyanja ndi mbedza, namuuza kuti m'kamwa mwa nsomba yoyamba adzapezamo ndalama ya msonkho wa ku Kacisi. Taganizani: mfundo ya Petro ikadakhala yolobodoka, nsomba ikadapita pamodzi ndi ndalamayo.

Msodzi wanzeru amanga motere. Apisa cingwe pa diso la mbedza, nazunguliza nsonga yace pa cingwe comweco kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, naibweza m'kampata ka pafupi ndi diso. Asanakoke anyowetsa mfundoyo ndi malobvu, pakuti nailoni ikapekesana youma itentha, nifooka. Akoka pang'onopang'ono, naiyesa ndi mphamvu akali kumtunda. Waulesi azunguliza kawiri kokha. Kampango akagwira, iye abweza cingwe copanda kanthu, ndipo nsonga yace yopiringizika icita umboni kuti mfundo inamasuka.

Inu a m'kalasi, amene mufulumirira ubatizo, mverani. Pangano limene mudzacita pamaso pa Mpingo ndilo mfundo yanu. Likamangidwa mwaliwiro, cifukwa ca kucita manyazi ndi anzanu, kapena kukhumba dzina latsopano, lidzamasuka tsiku la nthenda ndi la maliro, pamene abale adzakukokerani kwa woombeza ula. Mfundo siimangidwa nsomba itagwira kale. Dziyeseni lero, mukali kumtunda, ndipo pemphani Mulungu kuti akumangeni kolimba kwa Mwana wace.