Makina Atsopano m'Ngalawa Yakale

(Werengani Marko 2:21, 22)

Inu a ku nyanja mwamva mbiri ya ngalawa ija ya citsulo yochedwa Chauncy Maples. Anaipanga ku Glasgow m'caka ca 1899, naicha dzina la Bishopu amene anamira m'nyanja yathu m'1895. Inadza kuno zidutswazidutswa. Ndipo popeza pa mathithi a Shire sipapita combo, amuna a Cingoni 450 anakoka pamtunda mphika wace wa nthunzi, wolemera matani 11. Inalowa m'madzi m'1901, niyenda zaka zoposa 50 kunyamula ansembe ndi aphunzitsi ndi mankhwala, ikudya nkhuni za m'madooko. M'1953 a Mishoni anaigulitsa, nisanduka ngalawa ya asodzi yokoka khoka. M'1967 Boma la Malawi linaikonzanso kuti inyamule anthu ndi akatundu. Makina a nthunzi anacoka, ndi m'malo mwace munalowa injini ya dizilo.

Taonani, ngalawa ya zaka zoposa 60 inalandira mphamvu yatsopano niyendanso. Cinatheka bwanji? Cifukwa thupi lace linali likali lolimba, lakutha kusenza mphamvuyo.

Tiyeni tsopano pa dooko la kwathu, pamene pali ngalawa za matabwa. Msodzi wasunga ndalama za usipa zaka zitatu, nagula injini. Mtima wace uli dyokodyoko, afuna kuimangirira lero lomwe, kuti mawa akafike kuya kumene anzace a nkhafi safikako. Koma mmisiri wanzeru akana. Ayamba waikokera ngalawa pamcenga, naigadabuza, napala ndere zonse ndi utoto wakale. Atero atenga nyundo, nagogoda thabwa liri lonse, khutu liri cheru. Pakuti thabwa labwino liyankha momveka, koma loola mkati liyankha mogonthera, lingakhale lioneka losalala pamaso. Alasa nthiti za ngalawa ndi nsonga ya mpeni. Azula misomali yodyedwa ndi dzimbiri. Makamaka ayang'anitsa thabwa la kumbuyo, cifukwa ndilo lidzanyamula injini. Mwini ngalawa aima pambali nadandaula kuti masiku akutha ndi nsomba zikupita, koma mmisiri angogogodabe.

Mudziwa inu cimene aopa. Ngalawa yoola ikhoza kuyenda zaka ndi nkhafi, mwana mmodzi akukapa madzi, osaoneka coipa. Koma injini injenjemeretsa thupi lonse, nikankha ngalawa kuti iombane ndi mafunde mwamphamvu. Msomali uli wonse wogwedera uguluka, mng'alu uli wonse ukula. Ndipo izi sizicitika pa dooko ai, zicitika pakati pa nyanja, tsiku la mwera, kumene kulibe wakumva mfuu.

Ambuye wathu, amene anaitana asodzi anai m'mbali mwa nyanja ya Galileya, awiri a iwo alikusoka makoka ao, anaphunzitsa cinthu comweci ndi fanizo la vinyo watsopano ndi matumba akale a zikopa. Vinyo alibe cifukwa. Thumba ndilo lilephera.

Nanga ife? Tipempha mphamvu ya Mzimu Woyera, ndipo ticita bwino. Tifuna citsitsimutso, nyimbo zatsopano, nyumba ya Mulungu yodzala. Wina afuna ukulu wa mpingo, wina ulaliki. Koma ndani mwa ife alola kugadabuzidwa pamcenga, kuti kunsi kwace kuoneke? Kumwamba tapaka utoto wokoma; pa Sabata tibvala zoyera. Kunsi kwa madzi kuli ngongole ya mnzathu imene tidaiwala dala, kuli mkazi amene sitinalankhule naye mau okoma ciyambire masika, kuli cithumwa cobisika pamutu pa ngalawa. Ndaona ine, ndipo ndinena ndi cisoni, munthu wofatsa amene anakhala bwino ali mkristu wamba, koma atalandira udindo anasweka caka cisanathe. Anthu anati udindo wamuononga. Iai, udindo unangogwedeza misomali imene idadyedwa kale.

Musataye mtima, inu amene mumva thabwa lanu likuyankha mogonthera. Mmisiri sagadabuza ngalawa imene afuna kuiwaza nkhuni. Agadabuza yokhayo aiwerengera ulendo wina. Acotsa thabwa loola, nalowetsa la mlombwa, natseka mipata ndi thonje ndi phula. Ndipo angakhale watha, samanga injini msanga: aibweza ngalawa m'madzi osaya, naileka masiku kuti matabwa atupe nagwirane, iye akubwera m'mawa uli wonse kudzaona podontha.

Mbale wanga, khoka lija unabwereka kwa mnansi wako, nulibweza long'ambika osanena kanthu, iye sanaiwale. Nyumba yace uidziwa, ndipo dzuwa likalipo.