Ngongole yathu kwa khoswe

Kuno ku Mphunzi chimanga chikalowa m'nkhokwe, anyamata amanyamula makasu kukakumba mbewa, ndipo palibe amati achimwa. Ndiwo ndi ndiwo basi. Nanga bwanji mtima umatipweteka tikamva kuti asayansi amapha makoswe m'malabotale?

Mu 1932, pa yunivesite ya Johns Hopkins ku America, Kruse, Orent ndi McCollum anadyetsa tiana ta makoswe chakudya chomwe anachotsamo mchere wa magnesium. Pasanathe masabata ambiri makutu a tianato anafiira, tinkadzidzimuka ndi kaphokoso kalikonse, mitima inayamba kugunda mosokonekera, ndipo tambiri tinafa tikuphupha. Chifukwa chake n'chakuti mtima umagunda ndi timphamvu ta magetsi tobadwa pamene potassium, sodium ndi calcium zikulowa ndi kutuluka m'maselo. Magnesium ndiye amathandiza kubweza potassium m'selo. Akasowa, mtima umakhala ngati gule amene mbalule yasiya kulira: aliyense kuponda kwake.

Kusiyana ndi mbewa zija kulipo, tisanamizane. Mbewa imafa kamodzi, m'kanthawi kochepa. Khoswe wa mu labotale amamudwalitsa dala, tsiku ndi tsiku, munthu ali pambali kulemba m'kope. Mlanduwu ndi wolemera kuposa wa mnyamata wa khasu.

Komabe sindinganene kuti akanaleka. Lero munthu akagwidwa ndi kagundidwe koopsa ka mtima kotchedwa torsades de pointes, madokotala amamubaya magnesium sulphate, ndipo ena amapulumuka. Nzeru zotere zinayambira kutali, ndipo gawo lina analipira ndi makoswe. Mukanakhala mayi anu pabedipo, eti mukanakana jakisoniyo?

Ndiye ine ndimati ndi ngongole, ndipo ngongole imabwezedwa. Mu 1959 Russell ndi Burch anapereka mfundo zitatu: pomwe pali njira ina nyama isagwiritsidwe ntchito, pomwe palibe zikhale zochepa, ndipo ululu uchepetsedwe. Ine ndikuwonjeza yachinayi: zomwe zapezekazo zifike kwa anthu.

Apa mlandu ukutigwera ife ophunzira. Magnesium ali mu nyemba, mtedza ndi masamba obiriwira. M'chimanga, wambiri amakhala m'gaga ndi m'kamtima ka njere, zomwe timachotsa pokonola kuti tipeze ufa woyera. Gagayo n'kupatsa nkhumba, mgaiwa n'kumauseka kuti ndi wa amphawi. Ndi angati mwa ife, ndi madigiri athuwa, tinakhalapo pansi ndi agogo n'kuwafotokozera zimenezi m'Chichewa?

Wasayansi wozunza khoswe mosasamala ndi wolakwa. Koma nzeru ikagulidwa ndi ululu wa chamoyo china, n'kungokhala m'mabuku a Chingerezi omwe wa ku Dedza sadzawatsegula, khosweyo wafa chabe, ndipo amene wataya imfa yakeyo ndi ife odziwa kuwerenga.