Mapanga awiri avumbwitsa

Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ana a masiku ano akamanga nyumba amafuna nyimbo imodzi izimveka pabalaza, kukhitchini ndi kuchipinda nthawi imodzi, popanda waya wokwawa pakhoma. Si zolakwika. Masipika otere alipo ndithu: kampani ya Sonos, yomwe idayamba mu 2002 ku Santa Barbara m'dziko la America, idatulutsa zipangizo zake zoyamba mu 2005, ndipo Apple idabweretsa njira yake ya AirPlay 2 mu 2018. Koma munthu akaona sipika yonyezimira m'sitolo amaiwala kuti moyo wake uli pa kabokosi kamene wakasiya kunyumba, rauta ya Wi-Fi.

Safunsa adadya phula, ana anga. Musanatulutse ndalama, funsani ngati sipikayo ndi ya Bluetooth kapena ya Wi-Fi. Ya Bluetooth imadalira foni yanu pa chilichonse: mukatalikira mamita ngati 10 nyimbo imayamba kudukaduka, wina akakuimbirani imaima. Masipika ambiri a Wi-Fi amakatenga okha nyimbo pa intaneti, foni imangowalozera yoti aimbe. Funsaninso ngati sipika yatsopanoyo imamvana ndi imene muli nayo kale, pakuti masipika a makampani osiyana nthawi zambiri sayimbira limodzi.

Mukafika nawo kunyumba, yambani ndi rauta. Marauta ambiri amaulutsa panjira ziwiri, ya 2.4 GHz ndi ya 5 GHz. Yoyambayo imafika patali ndipo imapyola bwino makoma, koma ndi yodzaza, moti ngakhale uvuni wa microwave ukayaka umaisokoneza. Yachiwiriyo ndi yaliwiro, koma khoma la njerwa zowotcha limaifooketsa msanga. Tsono rauta yobisidwa pansi m'kabati, kuseri kwa TV, singadyetse sipika ya kuchipinda chakumapeto. Ikwezeni pamwamba, poyera, chapakati pa nyumba. Nyumba ikakhala yaikulu, kumbukirani kuti mutu umodzi susenza denga: onjezani timarauta tothandizana ta mesh, kapena lumikizani sipika imodzi ndi waya wa Ethernet ngati ili ndi polowetsa.

Koma chimene chimagwetsa ambiri n'chakuti mapanga awiri avumbwitsa. Sipika ya pabalaza ili pa netiweki yaikulu ya pakhomo, ya kukhitchini yalowa pa netiweki ya alendo, foni nayo ikudya bandulo yake ya deta. Zonse zili pansi pa denga limodzi, koma sizikuonana, chifukwa netiweki ya alendo adaikonza dala kuti wolowapo asafikire zipangizo za eni nyumba. Mwini wake amatsegula pulogalamu pa foni, sipika osaoneka, amazimitsa n'kuyatsa, kenaka amati adamugulitsa chakufa. Chonsecho mankhwala ake ndi ochepa: foni ndi masipika onse zikhale pa netiweki imodzi, dzina limodzi, pasiwedi imodzi.

Kumvanaku n'kofunika chifukwa khutu silinamizika. Pabwalo la gule, ng'oma zimamvera mbalule. Imodzi ikachedwa pang'ono chabe, ovina amasokonezeka mapazi. Masipika nawo amagwirizana pa wotchi imodzi, sipika iliyonse n'kusungirako kachidutswa ka nyimbo kuti onse atulutse mawu pa mphindi yofanana. Wi-Fi ikafooka, kachidutswako kamatha kasanabwere kena, ndipo woima pakhomo la pakati pa zipinda ziwiri amamva sipika ina ikutsalira kapena kungoti zii.

Choncho kuona maso a nkhono n'kudekha. Lumikizani sipika imodzi, muli pafupi ndi rauta. Ilekeni itsirize kulandira pulogalamu yake yatsopano musanaizule kumagetsi. Ipatseni dzina la chipinda chake, Pabalaza kapena Kukhitchini, kuti aliyense pakhomo aizindikire. Ikaimba bwino, ndiye mutenge yachiwiri.

Dziwaninso kuti walira mvula walira matope. Nyimbo za pa intaneti zimadya deta. Magetsi akazima, rauta imazima, masipika onse n'kukhala chete, pamene wayilesi ya mabatire ikuimbabe. Ndipo zipangizozi zimakalamba zisanathyoke: mu 2020 Sonos idalengeza kuti masipika ake akale kwambiri sadzalandiranso zatsopano za pulogalamu yake.

Chimene ndikufuna musaiwale n'chakuti aliyense amene ali ndi pasiwedi wagwira nyumba yonse m'manja. Mnyamata akadzuka m'bandakucha n'kukanikiza batani loti masipika onse aimbe, nyimbo yake imalowa kuchipinda kumene agogo akudwala, kumene khanda langogona kumene, kumene mlongo wake akuwerengera mayeso. Kale wayilesi inali imodzi, ndipo wofuna kusintha siteshoni ankayamba wapempha. Khalidwe limenelo lisathe chifukwa chipangizo chasintha. Khalani pansi monga banja, mugwirizane maola oimbira nyumba yonse, muyeso wa phokoso wa chipinda chilichonse, ndi zipinda zimene sizilowa m'gulu popanda chilolezo cha mwini wake. Masipika mungawalumikize tsiku limodzi, koma kumvana kwa anthu okhala m'zipindamo palibe rauta imene ingakukonzereni.