“Moyo Ndi Wanga”: Kodi Ndi Zoona?

Inu amene munabadwira ku Chawama, mwina phiri mumangoliona pa windo la basi popita kumudzi ku Chipata, pamene injini ilira pa zitunda za ku Luangwa. Kuno ku Lusaka dziko ndi lathyathyathya. Koma funso limene ndifuna kuti tikambirane lionekera bwino paphiri, cotero ndiloleni ndikutengeni kutali pang'ono.

M'nyanja ya Mediterranean muli cisumbu ca Corsica, cimene cili m'manja mwa dziko la France. Pakati pake ndi mapiri a miyala okhaokha, ndipo lalitali koposa, Monte Cinto, lifika mamita 2,706. M'mapirimo mudutsa njira ya miyendo yochedwa GR20, ya makilomita pafupifupi 180. Ndi ulendo woposa wocoka pano kufika ku Kabwe, ndipo ambiri amautha m'milungu iwiri. Anthu amasunga ndalama caka conse kuti pa holide akayende m'menemo, cikwama kumsana, akutsata utoto wofiira ndi woyera wopakidwa pa miyala. Ife amene timayenda pansi kupita ku tauni cifukwa ya basi palibe tingaseke: munthu kulipira kuti akavutike! Komabe tisawayese opusa. Munthu amadziwa mphamvu zake akakumana ndi cinthu colimba, ndipo wacinyamata amene sanayesepo cinthu coopsa pang'ono, ine ndimamumvera cisoni.

Mu June 2015, mvula yamkuntho inagumula miyala ndi matope pa cigwa ca njirayo cochedwa Cirque de la Solitude, ndipo anthu 7 anafa. Iwo anali pa njira yololedwa, linali tsoka. Pambuyo pake oyang'anira mapiriwo anacotsa cigwaco pa GR20 ndi kupatutsira njira kwina. Wina angafunse kuti, “Ndani anawapatsa mphamvu yondisankhira podutsa? Ndikafa, ndafa ndine. Moyo ndi wanga.”

Mau amenewo akumveka ngati a munthu wolimba mtima. Tiyeni tiwayese pa phiri la kufupi ndi kwathu.

Ku Malawi kuli phiri la Mulanje. Nsonga yake ndi ya mamita 3,002, ndipo dzina lake lokha ndi cenjezo: Sapitwa. M'nyengo yozizira kumabwera nkhungu ya ciperoni imene imaphimba miyala mwadzidzidzi, munthu osaona ngakhale poponda. Mu July 2009, mnyamata wina wophunzira bwino wa ku Brazil anakwera phirilo ndi womuperekeza, koma pafupi ndi nsonga anapitiriza yekha. Sanabwerenso. Anthu anamufunafuna pafupifupi milungu itatu asanapeze thupi lake. Anafa ndi kuzizira.

Sindinena izi pomuweruza. Ambiri a ife pa msinkhu wake tikanacita cimodzimodzi, pakuti nsonga ikaoneka pafupi, mtima sufuna kumva za kubwerera. Koma taganizirani masiku onse aja. Ndani anali kukwawa m'mapanga ndi m'miyala yoterera, m'nkhungu yomweyo imene inamusokeretsa iye? Anali anthu a m'midzi ya m'munsi mwa phiri ndi operekeza alendo, amene nawonso ali ndi ana kunyumba. Kutali ku Brazil kunali mai amene sanali kugona. Cosankha cinali ca munthu mmodzi, koma anacisenza ndi anthu ambiri amene sanafunsidwe.

Apa ndi pamene mau akuti “moyo ndi wanga” akhala ndi mng'alu. Ndi wanu ndithu: palibe angakupumireni mpweya, ndipo si bwino kuti makolo kapena akulu a mpingo akutsekereni m'nyumba mpaka mumere imvi. Koma simunaupeze nokha. Wina anagulitsa tomato pamsika kuti mufike Grade 9. Wina anakuberekani kumsana usiku kupita nanu ku kiliniki. Ndipo tsiku limene mudzasowa, anthu sadzakhala pansi ndi kunena kuti anasankha yekha. Adzanyamuka, cifukwa ndi mmene tilili. Ufulu umene umadalira kuti ena adzabwera kudzakutolani uli ndi ngongole mkati mwake.

Tsono kodi tileke kukwera mapiri? Iai. Ine ndikhumba kuti gulu lanu tsiku lina lidzasonkhe ndalama, lidutse pa Mwami, likagone pa Likhubula ndi kuyamba kukwera m'mamawa. Mukacita ndi womuperekeza wodziwa phiri, zovala zofunda ndi nthawi yokwanira, mwaika moyo pa ciswe pang'ono, koma mwalemekeza amene akanakufunani. Cimene ndikana ndi ca Safunsa uja anadya phula.

Ndipo musati nkhaniyi ndi ya azungu a pa holide cabe. Mvula ikagwa, maenje akale okumbamo miyala a kuno kwathu amadzala madzi, ndipo pamakhala mnyamata woima pamwamba pa thanthwe, anzake akumuchemerera kuti alumphe. Nayenso amati moyo ndi wake. Amene adzalowa m'madzi akuda aja ndi cingwe kukamufuna ndi mkulu wake.

Pa msonkhano wanu wa Ciwelu, yesani nkhani iyi. Muli anthu 12 pa Mulanje. Nsonga ya Sapitwa yatsala ola limodzi, ndalama munasonkha miyezi 8, ndipo mwina simudzabweranso. Nkhungu yayamba kukwera kucokera kumunsi, mlongo wina akunjenjemera, ndipo wokuperekezani wati, “Tiyeni tibwerere.” Anyamata atatu amphamvu akuti, “Inu tsikani, ife tikupezani.” Inu ndinu wakumpando wa gulu, ndipo makolo a atatuwo anakuperekezani pa siteshoni ya basi. Muwayankha ciani?