Laputopu Yako Uziimangirira, Mdzukulu Wanga

Mdzukulu wanga, usananyamuke kupita ku koleji, tenga laputopu yako uyang'ane m'mbali mwake. Mwina upeza kabowo kakang'ono, mamilimita pafupifupi 7 m'litali ndi 3 m'lifupi, nthawi zina kali ndi kachithunzi ka loko pambali pake. Ambiri amakalamba nawo makina awo osadziwa ntchito ya kabowoko. Ndi pomangirira. Kampani ya ku America yotchedwa Kensington ndiyo idayambitsa zimenezi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo mpaka lero loko yake imadziwika ndi dzina lomwelo.

Kagwiridwe kake n'kosavuta. Pali chingwe chachitsulo chokutidwa ndi pulasitiki, kawirikawiri chotalika mamita 1.8. Mbali ina chili ndi diso, mbali ina mutu wa loko. Umazunguliza chingwecho pa chinthu cholimba, n'kupisa mutuwo m'diso muja, kenako n'kuulowetsa m'kabowo. Kunsonga kwa mutuwo kuli kachitsulo kooneka ngati chilembo T, ndipo ukapotoza kiyi kamapingasa mkati, osatulukanso. Wofuna kutenga laputopuyo ayenera kudula chingwe kapena kuswa mbali ya makinawo, ndipo laputopu yong'ambika m'nthiti savutika kuizindikira kuti ndi yakuba.

Pokagula, nyamula laputopuyo ukayesere pomwepo. Makina opyapyala a masiku ano sali ndi kabowo kofanana. Ambiri a Dell ali ndi kamene amakatcha Noble Wedge, ena a HP ndi Lenovo ali ndi kakang'ono kwambiri kotchedwa Nano, pamene ma MacBook atsopano alibiretu, moti eni ake amachita kumata kachitsulo kapadera kuti apeze pokolowekera. Loko yolakwika imatha kulowa ndithu, koma n'kusololoka ukangoikoka.

Tsopano ndikuuze zoona, chifukwa wogulitsa sadzakuuza. Chingwecho sichingagonjetse mbava yokonzekera. Wobwera ndi chodulira zitsulo amamaliza iwe usanatembenuke. Ngakhale maloko enieniwo ali ndi zofooka zake: m'chaka cha 2004 zidadziwika dziko lonse kuti maloko ena a njinga a Kryptonite, a kiyi wozungulira ngati kapaipi, ankatseguka ndi chubu cha cholembera cha Bic. Ukasankha loko ya manambala, tenga ya manambala 4, yomwe ili ndi njira 10,000 zoikira. Ya manambala 3 ili ndi 1,000 zokha, ndipo munthu wodekha akhoza kuziyesa zonse madzulo amodzi iwe uli kutchalitchi. Chaka chako chobadwa usachiike, anzako onse akuchidziwa.

Nanga ndikuumiriranji? Chifukwa amene adzakubere si wachodulira uja ayi. Ndi munthu wongodutsa, amene wapeza mpata. Wadzuka kupita kuchimbudzi, watuluka panja kukayankha foni, wasiya makina akuchaja m'kalasi pokagula chipisi, kapena magetsi athima usiku mulaibulale anthu n'kuyamba kupapasana. Iye akufuna kupinda, kuika m'chikwama, n'kutuluka ngati mwini wake, popanda phokoso. Akangoona chingwe, amadziwa kuti pafunika nthawi, pafunika chida, ndipo wina acheuka. Amapitirira. Zimene ukugula ndi mphindi zochepa zokha, koma mphindi zimenezo ndi zomwe iye alibe.

Chomwe ndikuopa kwenikweni si kuduka kwa chingwe. Ndikuopa kuti udzachisiya m'sutikesi. Ndikuwadziwa achinyamata. Tsiku loyamba udzachitulutsa m'chipinda cha hositelo, mnzako adzaseka n'kufunsa kuti, kodi ukutiyesa mbava? Iwe magazi adzathamanga, udzachibweza, ndipo sudzachigwiranso. Makolo adati mbewa ya manyazi idafera kuuna. Umuyankhe mofatsa kuti iye sukumukayikira, koma chitseko cha chipindacho chili ndi makiyi angapo, alendo amalowa ndi kutuluka, ndipo wina amaiwala kukhoma akamathamangira kalasi. Zonsezo n'zoona, iyenso akudziwa.

Ndiponso taganiza zimene zimachitika laputopu ikasowa m'chipinda cha anthu anayi. Atatu otsalawo onse amasanduka oganiziridwa. Zikwama zimapisidwa, mayina amatchulidwa kupolisi, makolo amaimbirana mafoni mokalipa, ena mpaka amafika kwa sing'anga kukaombeza. Makina aja mwina sapezeka, koma anthu amene ankadyera mbale imodzi sapatsananso moni mpaka kumaliza maphunziro. Ukamanga laputopu yako, anzakowo wawachotsera mlandu umene sadapalamule. Amene ali ndi nzeru adzakufunsa kumene udagula chingwecho.

Pomangirira pakhale poganizira bwino, chifukwa apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Mwendo wa tebulo suthandiza ngati munthu angathe kulinyamula pang'ono n'kusolola chingwe pansi. Mpando ndiye ayi, amanyamulira limodzi. Funa malo otsekeka mbali zonse: chitsulo chopingasa cha desiki, felemu ya bedi lachitsulo, kapena paipi yokhomeredwa kukhoma. Zitsulo zotchinga pazenera n'zolimba, koma zimaika makina ako pamene dzanja la munthu wa panja lingafike, ndiye usiku uziwachotsapo. Ukamachoka kwa tsiku lathunthu, chingwe chokha sichikwanira. Tsekera m'lokala kapena m'thiranki yokhala ndi loko yolimba, osati timaloko tosweka ndi mwala umodzi. Paulendo, mu minibasi kapena m'basi yaikulu, chikwama chikhale pamiyendo pako. Kondakitala akati achiike kumbuyo, kana mwaulemu.

Pansi pa laputopu pali serial number. Uilembe m'kabuku, uijambulenso pa foni, ndipo lisiti logulira ulisiye kuno kunyumba. Popanda zimenezi, ngakhale apolisi atapeza makinawo, udzavutika kutsimikiza kuti ndi ako. Zolemba zako za sukulu uzizisunga malo awiri, pa flash yomwe sigona m'chikwama chimodzi ndi laputopu, komanso pa Google Drive. Pasiwedi yolowera ikhalepo, ndipo ngati makina ako ali ndi BitLocker, kapena FileVault pa MacBook, uyatse, kuti wakuba asawerenge za mkatimo. Makina amagulidwa ena ndalama zikapezeka, koma kafukufuku wa chaka chomaliza palibe sitolo imagulitsa.

Loko ya kiyi imabwera ndi makiyi awiri. Mmodzi uziyenda naye pathupi, osati m'kathumba ka chikwama cha laputopu chomwecho. Winayo ubwere naye kuno, amayi ako akusungire pamodzi ndi lisiti lija.