Masabujekiti angati pa MSCE? Yambani mwafunsa niyya

Izi ndi zanu abale ndi alongo, makamaka inu amene mukulowa Form 3 kuno ku Mzimba, kaya pa boma, ku Embangweni, ku Jenda kapena pa CDSS ya kumudzi kwanu.

Funso likuvuta ambiri ndi lakuti nditenge masabujekiti angati. Ena akuti 10 basi, ndi Additional Mathematics yomwe, anthu adziwe kuti mutu ulimo. Ena akuti 6 yokha, zina zonse Allah adziwa. Ine onsewa andidetsa nkhawa.

Tiyambe ndi masamu ake. MANEB imapereka magiredi kuyambira 1 mpaka 9: 1 ndi 2 ndi distinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 wangokhoza, 9 walephera. Mapointi amawerengedwa pa masabujekiti 6 amene wakhoza bwino, ndipo kuti ulowe yunivesite ya boma pamafunika makirediti 6, Chingerezi chikhale pomwepo. Ndiye wa masabujekiti 10 amene wamwaza ma 5 ndi ma 6 amagonja kwa mnzake wa 7 amene wagwira ma 2 ndi ma 3.

Kumadrasa tinaphunzira nkhani ya Swahaba Abdullah ibn Amr ibn al-As (RA), yomwe ili mu Bukhari ndi Muslim. Ali mnyamata anatsimikiza kuti azisala tsiku lililonse ndi kuswali usiku wonse. Mtumiki (SAW) atamva sanamuombere m'manja. Anamukumbutsa kuti thupi lake, maso ake ndi banja lake zili ndi gawo lawo pa iye, namuuza kuti masiku atatu pamwezi akukwana. Abdullah anaumirira kuti mphamvu ali nazo, mpaka anagwirizana pa swaumu ya Dawud (AS), kusala lero mawa kudya. Atakalamba zinamulemera, ndipo ankalakalaka akanalandira chopepuka chija. Taonani, iyi inali ibada yeniyeni, koma anauzidwa kuti achepetse. Nanji masabujekiti?

Dzifunseni moona mtima: sabujekiti ya nambala 9 ija mukuitengera chiyani? Ngati ndi yofunika pa kosi yomwe mukufuna, bismillah. Koma ngati ndi yoti anzanu azikulozani kuti genius uyo, imeneyo ndi riya yavala yunifolomu. Ndipo ili ndi mtengo wake. Woyamba kudulidwa amakhala madrasa ya masana, kenako Fajr chifukwa mwagona 1 koloko, kenako Qur'an imene munaloweza imayamba kuthawa tsamba ndi tsamba. Kuno Asilamu ndife ochepa, palibe amene adzakusakeni mukasowa pa mzikiti.

Tsono inu a 6 yokha musasekere. Kutenga 6 ndendende ndiye kuti imodzi ikaterereka, kaya malungo akugwirani tsiku la pepala, chaka chapita. Kumeneko si tawakkul ayi. Ndipo kuthawa Physics, Chemistry kapena Biology chifukwa choti ndi zowawa, pomwe mukulota za udokotala ku KUHeS kapena uinjiniya ku MUST ndi ku MUBAS, ndi kudzitsekera nokha chitseko muli Form 3. Duwa ya Form 4 siidzalemba dzina lanu pa pepala limene simunalembetse. Alongo, izi ndi zanunso: wina asakunamizeni kuti sayansi ndi ya anyamata, zipatala zathu zikufuna madokotala achikazi.

Maganizo anga, 7 kapena 8 ndi pabwino kwa ambiri: zimene kosi yanu ikufuna, Chingerezi ndi Masamu, kenako imodzi kapena ziwiri zimene mumazimva bwino. Onaninso sukulu yanu. Kodi mphunzitsi wake alipo? Labu ilipo? Ndipo ife olankhula Chitumbuka kunyumba tisamadelere Chichewa ngati chaulere, galamala yake yagwetsa anthu.

Musanalembetse, khalani pansi ndi aphunzitsi anu, makolo, ndi mkulu wina amene ali kale ku Mzuni kapena kwina, muone zofunika pa kosi yanu m'chikalata cha NCHE. Imeneyo ndi shura. Mukatero swalini maraka awiri a Istikhara, kenako lembetsani.

Amene mwasankha kale, tiuzeni: mwatenga angati, ndipo madrasa mukuipezera nthawi yanji?